Chala Changa Chinali Chikole

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mwendo wa munthu wina. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ndinali nditangotsika sitima ya Ilala pa doko la Nkhata Bay kuchokera kwathu ku Nkhotakota. M'manja ndinali ndi kasutikesi kamalata, mumtima ndinali ndi chikhumbo chokhala kalaliki wa pa boma, wovala tayi ndi kupachika cholembera pakhutu. Ukalalikiwo mpaka lero sindinaulaweko. Chimene chinandilandira ndi mgolo wa palafini umene unapulumuka pachingwe n'kung'amba mwendo wa mmodzi wa anthu onyamula katundu. Magazi atatuluka, anthu onse anangoti balalabalala.

Ine sindinathawe, osati chifukwa cha kulimba mtima ayi, koma sindinkadziwa kothawira. Kenaka panafika bambo wina wamfupi, wa kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'maondo, atanyamula kachikwama. Anandikalipira m'Chitonga, ine osamva kanthu. Ataona kuti ndangoti kakasi anatembenukira ku Chinyanja: "Iwe wa sutikesi, manja akowo ndi amaluwa? Gwira apa!" Ndinagwira mwendowo mpaka iwo atamaliza kusoka. Atasamba m'manja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ndimatha kuwerenga zolembedwa pabotolo. Ndinati eya. "Ndiye mawa ubwere. Sunakomoke, basi mayeso ako ndi omwewo."

Awa anali bambo Mhone, amene ankayang'anira kachipatala kakang'ono ka zipinda ziwiri kumtunda kwa doko, kothandiza antchito a padoko ndi mabanja awo. Kachipatalako kulibenso masiku ano. Anandilemba ngati dulesa, munthu wotsuka ndi kumanga zilonda, ndipo anandipezera pogona kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo. Pakamwa pa bambo Mhone panali pakuthwa, koma m'zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinagonepo ndi njala.

Ntchito inkayamba dzuwa lisanakwere. Ndinkayatsa chitofu cha pulayimasi, kuphitsa masingano, sizasi ndi timapanilo m'kapoto kake, kupinda mabandeji amene ndinachapa dzulo lake, ndi kusungunula pamanganeti m'beseni mpaka madzi afiire pang'ono chabe, chifukwa ukachulutsa amawotcha. Pashelefu panali jivi wa zilonda, kalamaini wa zidzolo, salufa wa mphere, mafuta ena a chipere, ndi zinki woyera uja wopaka pa chikanga. Ikatha imeneyo ndinkakhala pakhonde ndi mpeni n'kumasema tinsungwi tophwatalala, tautali ngati chala. Tinsungwi timeneti ndito tinkapakira odwala mafuta. Wodwala aliyense anali ndi kake, ndipo ukangomaliza kamapita pamoto. Limeneli linali lamulo la bambo Mhone, ndipo analinena tsiku loyamba lomwe: "Chala chako chisalowe m'botolo, chisakhudzenso chilonda. Ukatero uzisamutsa matenda kuchokera kwa uyu kupita kwa uyo, iwe n'kumati ukuchiritsa."

Lamulo limeneli ine ndinalikonda kwambiri, mwina kuposa mwini wake. Kwathu kunali munthu wina wakhate amene ankakhala yekha kutsidya kwa kamtsinje, ndipo chakudya chake ankachisiya pamwala. Amayi ankatiuza kuti ngakhale phazi lake tisalipondepo. Choncho khungu lililonse la mawanga likalowa pakhomo, ine ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha nsungwi.

Nthawi imeneyo pa boma ankamanga kwambiri, ndipo sitima inkabwera ndi simenti yochuluka. Matumba ake anali apepala, osachedwa kuphulika. Anthu onyamula katundu ankawasenza paphewa opanda malaya, kuchokera m'boti mpaka kunkhokwe, dzuwa lili pamutu, ndipo pomaliza onse ankaoneka mbuu ngati agwa m'phulusa. Ambiri akasamba m'nyanja zinkathera pomwepo. Koma panali mmodzi, Timoti Longwe, amene khungu lake linakana simenti.

Longwe anali munthu wamtali, wa mapewa otakata, woyambitsa nyimbo anzake akamakoka katundu wolemera. Ndinamudziwa asanadwale n'komwe, chifukwa masana akaweruka ankadutsa pa kachipatala kathu atanyamula mwana wake Esinati paphewa, kamtsikana kongoyamba kumene kulankhula, katagwira makutu a bambo ake ngati zogwirira njinga. Mkazi wake, NyaManda, ankabwera pambuyo ndi dengu, akuwakalipira onse awiri kuti agwa.

Zinayamba ndi kuyabwa pakhosi. Kenaka mapewa anafiira psuu, panatuluka timatuza tochucha madzi, khungu linakhuthala n'kuyamba kung'aluka. Zala nazo zinasweka m'mfundo. Munthu wamkulu uja ankadzikanda ndi chidutswa cha saka mpaka magazi, ndipo ankati tulo sakulidziwa. Tinkamutsuka ndi pamanganeti, kumupaka kalamaini, kumupaka zinki. Zinkazizira pang'ono, sitima ikabwera ndi simenti n'kuyambiranso. Bambo Mhone anamuuza kuti ndi chikanga chobwera ndi fumbi la simenti losakanikirana ndi thukuta, koma kunja kunali kutamveka kale dzina lina. Anthu ankanong'ona kuti Longwe wagwidwa khate.

Anzake apantchito anamupatula chikho. Onse ankamwera chikho chimodzi pamtsuko wa padoko, koma iye anamupachikira kachitini kake pamsomali. Nyimbo anasiya. Ndipo uthenga unafika ku Usisya, kwawo kwa mkazi wake, n'kubwerako ndi yankho: Longwe asanyamulenso mwana, ndipo akuluakulu abwera kudzaona okha. Likapezeka kuti ndi khate, NyaManda ndi Esinati abwerera kwawo. Tsiku lina ndikumumanga zala, Longwe anandiuza maso ali pansi kuti, "Kuyabwaku ndingapirire, mnyamata. Koma mwana akamakweza manja kuti ndimunyamule, ine n'kutembenuka, apo ndiye pakundipha." Ndinamva chisoni chachikulu, komabe kansungwi kanga ndinakagwirira kunsonga kwenikweni.

M'masiku omwewo panadutsa dokotala wina amene ankayendera zipatala za m'mphepete mwa nyanja pa sitima. Ataona mapewa a Longwe anatsegula bokosi lake n'kutisiyira timachubu tochepa ta mafuta atsopano. Anati ndi kotizoni, koma wamphamvu kuposa amene bambo Mhone anamvapo mbiri yake. Dokotalayo atapita, bambo Mhone anatsekera timachubuto m'kabati, kiyi n'kuika m'sokosi, ndipo anandikhazika pansi ngati mwana wa sukulu.

Anati mafutawa ndi opaka mopyapyala. Ufinye kadontho konga nyemba, ukafalitse mpaka khungu lingonyezimira, osati kumata ngati ukuzira nyumba. Upake pamene pafiira ndi kuyabwa pokha. Osapaka kumaso, osayandikiza m'maso, osapaka pamene pali mafinya. Zikazizira uyambe kuchepetsa, usapitirize chifukwa choti mafuta akadalipo. Ndipo koposa zonse, osapaka pa chipere kapena pa mphere. "Mafutawa sapha tizilombo," anatero. "Amangozimitsa moto wa pakhungu. Ukapaka pa chipere wagoneka mlonda, wakuba akadali m'nyumba."

Abale inu, zimene ndinaona sabata imeneyo sindidzaziiwala. Longwe ankabwera m'mawa uliwonse, ine n'kumutsuka, kumuumitsa ndi thonje, n'kumupaka ndi kansungwi. Posakhalitsa anabwera akuseka, akuti wagona mpaka mkazi wake kuchita kumugwedeza. Kufiira kunazilala, kuchucha kunaleka, ming'alu inayamba kutsekeka. Ine ndinkangoyang'ana kachubuko, kakang'ono ngati chala cha mwana, n'kumadabwa kuti zinki wathu wodzaza botolo analephera bwanji. Anzake aja nawo anaona. Tsiku lina kachitini kaja kanachoka pamsomali, ndipo Longwe anamweranso chikho cha onse.

Vuto linabwera ndi ntchito. Kunafika katundu wambiri, ndipo kapitawo anati gulu la Longwe lizilawirira m'boti, palibe wopita kuchipatala m'mawa. Bambo Mhone anaganiza kwa nthawi, kenaka anatenga kachitini ka fodya wapamphuno, n'kukaphitsa, n'kufinyiramo mafuta pang'ono oti Longwe azipaka yekha kunyumba. Anamuuza malamulo onse aja, iye n'kumavomera m'Chitonga, "Yewo, ada, yewo," kutanthauza kuti zikomo bambo.

Chimene tonse sitinachiganizire ndi khalidwe la anthu a padoko. Gulu la onyamula katundu silidya mobisa. Wina akabwera ndi chinangwa chowotcha amachinyema kuti chikwane onse, ndudu imodzi imazungulira milomo yonse, ndipo wodya yekha sakhalitsa pagulupo, chifukwa tsiku limene thumba lamulemera palibe womutula. Tsono pali munthu amene anzake angomubwezera kumene chikho, ali ndi mankhwala amene onse aona mphamvu yake, ndipo pagulupo aliyense ali ndi pake poyabwa. Akanakana bwanji? Paja amati kupatsa n'kuika. Kachitini ka mafuta kaja kanayenda m'manja monga imayendera ndudu. Wina anapaka polumidwa ndi udzudzu, wina m'khwapa, wina anatengerako mkazi wake. Longwe anatsala ndi chitini chopanda kanthu, simenti ili paphewa tsiku ndi tsiku, ndipo manyazi anamuletsa kubwera kudzatiuza.

Tinadziwa zonsezi tsiku limene sitima inafika kuchokera kumpoto. Tsiku la sitima kachipatala kathu kankadzaza, anthu piringupiringu pakhonde, ana akulira, pulayimasi osazima. Chakumasana ndinaona gulu likukwera chitunda. Patsogolo panali nkhalamba yovala jekete lakuda, chipewa ndi ndodo yosema, kutentha konse kuja. Awa anali a Manda, akulu awo a bambo ake a NyaManda, munthu amene anakhala zaka zambiri ku Joni ndipo sankafuna kuti wina aiwale zimenezo. Pambuyo pawo panali NyaManda atabereka Esinati, maso atatupa. Kumapeto kwenikweni kunali Longwe, atafunda nsalu paphewa. Atachotsa nsaluyo mtima wanga unagwa. Chikanga chinali chitabwerera kuposa poyamba, kuchokera m'khosi mpaka pamsana.

Asanakhale n'komwe, panatulukira mnzake wa Longwe wotchedwa Kamanga, akukuwa kuchokera kutali. Anaima pakati pa anthu n'kukweza malaya. Pamimba pake panali bwalo lalikulu ngati mbale, lofiira m'mphepete. Anati poyamba kanali kakang'ono ngati ndalama, anapaka za m'chitini cha Longwe, kuyabwa kunaleka, iye n'kumapakabe, ndipo taonani lero. "Wandipatsira khate lake m'chitini!" anakuwa motero. Amayi amene anali pabenchi anakoka ana awo. A Manda anangotembenukira NyaManda n'kumuuza kuti akamange katundu, sitima ikamabwerera kumpoto akwera.

Bambo Mhone anatuluka akupukuta m'manja, osafulumira. Anayamba ndi Kamanga. Anayang'ana bwalolo, n'kukanda m'mphepete mwake ndi kansungwi. "Ichi ndi chipere, ada Kamanga, ndipo munali nacho Longwe asanatsegule chitini. Mwachidyetsa nokha. Safunsa anadya phula." Anandituma mafuta a chipere, n'kumuuza kuti achape malaya ndi madzi otentha ndipo asayembekezere kuchira mawa. Kamanga anakhala pansi akung'ung'udza.

Kenaka bambo Mhone anakhazika Longwe pampando pakhonde pomwepo, pamaso pa onse, n'kumumanga nsalu kumaso. Anatenga kathonje, n'kukapota mpaka nsonga yake inali ngati tsitsi, ndipo anauza Longwe kuti aziloza paliponse pamene wamva kukhudzidwa. Anakhudza pakhosi, Longwe analoza. Anakhudza pakati pa banga lalikulu la paphewa, analoza. Pamsana, pachala, paliponse, sanaphonye. "Mwaona, ada Manda," anatero bambo Mhone. "Pamene khate lagwira sipamva kanthu, ndipo khate siliyabwa. Mkamwini wanuyu akumva ngakhale ntchentche ikangoganiza zotera. Ichi ndi chikanga cha simenti, sichipatsirana."

A Manda anangoti, "Mhm." Sanavomere, sanakane. Bambo Mhone anatulutsa kiyi m'sokosi n'kundipatsa kachubu kamene kanatsala. Ndinatsuka mapewa a Longwe ndi pamanganeti, ndinaumitsa, ndinayang'ana ngati pali mafinya, panalibe. Ndinafinyira kadontho pa kansungwi n'kuyamba kupaka monga mwa masiku onse. Ndipamene ndodo ya a Manda inagogoda pansi.

"Taimani. Ada Mhone, mukuti si khate, sichipatsirana. Nanga mnyamata wanuyu akumupakira ndi kamtengo chifukwa chiyani? Kwathu chimene timachikhudza ndi kamtengo ndi njoka."

Bambo Mhone anafotokoza bwinobwino kuti ndi lamulo la ukhondo, kuti timatero kwa wodwala aliyense, ngakhale wopsa ndi phala. Nkhalambayo inapukusa mutu. "Pakamwa panu pakunena china, kamtengo kakunena china. Ine ndikhulupirira kamtengo." Bambo Mhone anapinda mkono wa malaya kuti apake okha, koma a Manda anakweza dzanja. "Inu ayi. Inu ndinu ng'anga, munadzitemera kalekale. Amukhudze uyu, mwana wa eni, wa magazi ngati athu."

Maso onse anali pa ine. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha, mantha enieni. Mutu unkadziwa zimene kathonje kaja kanaonetsa, koma mumtima munali mwala uja wa kutsidya kwa kamtsinje ndi mawu a amayi. Bambo Mhone anayandikira n'kulankhula motsitsa kuti ndimve ndekha. "Sindikukukakamiza. Koma ndikanakhala ndi chikayiko ngakhale pang'ono, sindikanalola. Wandionapo ndikukunamiza?" Ndinangoima ndi kansungwi m'manja, NyaManda akundiyang'ana osaphethira.

Amene anandimasula ndi Longwe mwini wake. Nsalu ija inali ikadali kumaso kwake, koma anamva kuti ndaima. Anati, "Leka, mnyamata. Usadzivute chifukwa cha ine. Nawe uli ndi amayi ako." Munthu akutaya mkazi ndi mwana tsiku limenelo, koma akudera nkhawa amayi anga amene sanawaonepo! Apo ndiye manyazi anaposa mantha. Ndinaponya kansungwi m'beseni, ndinasamba m'manja ndi sopo, n'kufinyira kadontho pa chala changa cha mkombaphala.

Khungu lake linali lotentha ndi lokhakhala ngati khungwa. Nditangolikhudza, munthu yense uja ananjenjemera. Ndinafalitsa mafutawo pang'onopang'ono, pakhosi, paphewa la kumanja, la kumanzere, mpaka pamsana, mopyapyala monga anandiphunzitsira. Ndili pakati ndinaona nsalu ya kumaso ija ikunyowa. Sanali kulira ndi ululu. Pambuyo pake anandiuza kuti kuyambira pamene nthendayo inabwerera panalibe munthu amene anamukhudza ndi dzanja, ngakhale mkazi wake, chifukwa iye mwini ankamuletsa.

Nditamaliza, a Manda anaimirira n'kubwera pafupi. Anandiuza kuti ndikweze chalacho. Anachiyang'ana uku ndi uku, osachigwira, ngati munthu wogula nsomba amene akukayika kuti ndi ya dzulo. Kenaka anatembenukira anthu. "Mwamva nonse. Chala ichi ndicho chikole. Mwana wathu akhala pa banja lake. Ine ndizibwera kudzachiona. Tsiku limene ndidzachipeze chayera kapena chafota, NyaManda ndi mwana adzakwera sitima tsiku lomwelo. Ndipo mpaka nditakhutira, mdzukulu wanga asakwere pamapewa amenewo." NyaManda anagwada pomwepo n'kuwomba m'manja, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinakakhala pa sitepe.

Anthu atabalalika, bambo Mhone anandipatsa sopo kuti ndisambenso. "Mafutawo sayenera kukhala pakhungu la munthu wosadwala," anatero. Kenaka anawonjezera, akuyang'ana kwina, "Lero wagwira ntchito." M'zaka zonse zija chiyamikiro chawo chachikulu chinali chimenecho, ndipo ndachisunga.

Tsiku lomwelo anatsikira kudoko kukaonana ndi kapitawo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma kuyambira mawa lake Longwe anachoka ku simenti n'kupita ku mitolo ya nsomba zouma ndi matumba a mpunga. Bambo Mhone ankati mafuta azimitsa moto, koma ngati munthu abwerera kukakhala pa nkhuni zomwezo tingotha machubu pachabe. Mafutawo sanatulukenso pakhomo m'chitini. Longwe ankabwera m'mawa, ine n'kumupaka, ndipo pamene zinazizira tinayamba kudumphitsa masiku mpaka tinasiyiratu, n'kutsala ndi zinki ndi vaselini. Panatsala mawanga akuda pang'ono, koma kuyabwa kunatha. Chipere cha Kamanga chinatenga nthawi yaitali kuposa chikanga cha Longwe, ndipo anzake sanamuleke kumuseka.

Ine ndiye ndinasanduka munthu wotchuka chifukwa cha chala. Pamsika amayi ogulitsa usipa ankandiitana, "A Chala, bwerani tione!" NyaManda ankanditumizira nsomba yowamba ndi uthenga wakuti ndisamasewere ndi mpeni. Longwe akandipeza ndikusema nsungwi ankandilanda mpeniwo n'kusema yekha, akuti banja lake lonse lili pa chala chimenecho. Nanenso, ndisabise, m'mawa uliwonse ndinkachiyang'ana padzuwa ndi kuchitsina kuti ndione ngati chikumva.

A Manda anasunga mawu awo. Akatsika sitima sankayamba kwa mwana wawo, ankayamba kwa ine, jekete lomwe lija. "Timoneni, ada. Chikole chathu chili bwanji?" Ine n'kukweza chala, iwo n'kuchiyang'ana, n'kuti "Mhm," n'kumapita. Dzinja linadutsa, chilimwe chinadutsa. Esinati anakula n'kuyamba kuthamanga, koma akakweza manja kwa bambo ake, Longwe ankangomugwira dzanja n'kuyenda naye pansi.

Ulendo wina, mvula itayambanso, nkhalambayo inabwera ndi banja lonse. Nthawi imeneyi sanangoyang'ana. Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo, khungu ndi khungu, n'kuchitembenuza chalacho. Kenaka anasolola phini pa jekete n'kundibaya nayo kunsonga. Ndinalumpha n'kukuwa, "Mayo!" Anaseka mpaka chipewa kugwa. "Chikumva," anatero. "Tengani chikole chanu, ada, ngongole yatha." Anapatsa NyaManda ndodo kuti awagwirire, anawerama ndi msana wawo wokalambawo, ananyamula Esinati, n'kumukhazika okha pamapewa a bambo ake. Kamtsikanako sikanaiwale. Kanagwira makutu aja nthawi yomweyo. Longwe anangoyamba kutsika chitunda pang'onopang'ono, ndipo atafika pa mtengo wa mango tinamva wayambitsa nyimbo.

Ndinagwira ntchito ya zipatala mpaka kupuma, ndipo mafuta a mtundu umenewu ndinawaona akubwera ambirimbiri, ena amphamvu kuposa aja. Tinadzaphunziranso pambuyo pake kuti ukawapaka nthawi yaitali khungu limapyapyala n'kumang'ambika lokha. Masiku ano ndikaona timachubu totere tikugulitsidwa pamsika pafupi ndi sopo, anthu akudzola kumaso kuti ayere, ena akupaka ana pa chipere, ndimakumbukira mimba ya Kamanga. Ndi mafuta abwino zedi, anapulumutsa banja ine ndikuona, koma ndi a nthenda yake, a munthu wake, ndi a nthawi yake. Sali ngati ndudu yoti izungulire gulu.

Lamulo la kansungwi sindinalitaye. Linali lolondola, ndipo achinyamata onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinawaphunzitsa, ngakhale pamene nsungwi zinalowedwa m'malo ndi magolovesi. Koma ndinawonjezerapo langa limodzi, limene bambo Mhone anandisiyira osalinena. Wodwala wa khungu akalowa, usanatole chida chilichonse, yamba wamupatsa moni wa padzanja, abale ake akuona. Ukasamba pambuyo pake, sopo alipo.

Bambo Mhone anamwalira kalekale, Longwe nayenso, ndipo sindinawathokoze mokwanira, mmodzi pondikhulupirira, winayo pondimvera chisoni pa tsiku limene chisoni chinkayenera kupita kwa iye. Chala chija chilipo. Chapindika ndi ukalamba, chimawawa kukazizira, koma chikumva, ndipo ndi chomwecho chagwira cholembera polemba zimenezi.